Mahi, Mesi ndi Madzi

Sabata yathayi ndinatsala pang'ono kukwiriritsa dziwe limene banja langa limamwapo, ndipo chida changa sichinali khasu ayi, koma Chingerezi changa chomwe ndimachinyadira chija. Ndayamba ndaulula ndekha, chifukwa ndikachedwa mukamva kwa mayi a kunyumba kwanga, ndipo iwo akamakamba nkhaniyi sandisiyira ngakhale kansanza kobisira manyazi.

Amene mumadutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi mwina munaona matenti oyera atakhomedwa pafupi ndi mabwinja a Fort Lister. Ena ankati kwabweranso nkhondo, ena ankati ndi akalembera, mwakuti amuna angapo a m'mudzi mwathu anakumbukira mwadzidzidzi kuti kutsidya kwa malire kuli abale awo odwala ofunika kukawazonda. Sizinali zimenezo. Unali msonkhano wa achinyamata ophunzira kwambiri, ofufuza zinthu, ochokera m'mayiko osiyanasiyana: ku Uganda, ku India, ku Mangalande, kwa Apwitikizi, ndi kwina komwe dzina lake linandipulumuka. Wina amadziwa za matenda, wina za nthaka, wina za nsomba, wina za mitengo. Onse ndi ongoyamba kumene ntchito, ndevu zikadali zowerengeka. Akuluakulu awo anatsala m'maofesi dala, ati kuti ana alankhule momasuka popanda wowatsokomolera kumbuyo.

Ine anandiitana kuti ndikhale womasulira, poti ndine mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Ndinavala jekete yanga ya ukwati, kutentha konse kuja, ndi kunyamula mapensulo awiri ngakhale kuti panalibe choti ndilembe.

Atatu mwa alendowo sanali achilendo kwenikweni. Anakhalapo kale kuno, aliyense nthawi yakeyake, ndipo monga mwa chizolowezi chathu tinawapatsa mayina iwo osadziwa. Woyamba ndi dokotala wachinyamata wa ku Uganda amene timamutcha a Nkhono, chifukwa chilimwe chatha anatha mwezi wathunthu akutola tinkhono ta m'madzi ndi kutiika m'mabotolo. Wachiwiri ndi mnyamata wa ku India, a Makumba, amene maloto ake onse ndi kukumba maiwe oweteramo nsomba. Iyeyu anabwera m'dzinja. Wachitatu ndi mtsikana wachizungu wodziwa za zitsime, Dona Simenti, amene anabwera nthawi yokolola. Kwa iye vuto lililonse la padziko lino mankhwala ake ndi thumba la simenti.

Tsiku loyamba ntchito yanga inali yochepa, popeza onse ankalankhula Chingerezi. Koma ndinaona chinthu chodabwitsa. Wa matenda akaimirira, wa nthaka ankagwedeza mutu ngati akumva, chonsecho maso ali ku phiri. Wa nthaka akayamba kutchula mayina ake ataliatali, wa nsomba ankanola pensulo. Chilankhulo chinali chimodzi, koma aliyense anali ndi Chingerezi cha m'ntchito mwake chimene mnzake sankachimva, ndipo panalibe wofuna kukhala woyamba kufunsa kuti mukutanthauzanji.

Kodi inu simunakhalepo pamsonkhano wotero, pomwe aliyense akuwomba m'manja poopa kuti angadziwike kuti sanamve?

Tsiku lachiwiri ndi pomwe atatu athu aja anapereka zimene anapeza kuno kwathu. Anayamba a Nkhono. Anati anayesa dziwe lina lotchedwa Mesi, ndipo anapeza kuti ladzaza ndi nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, matenda okodza magazi aja. Malangizo awo anali akuti dziwelo likwiriridwe ndi miyala ndi dothi mvula isanagwe. Tonse tinawomba m'manja, ine kuposa ena, chifukwa m'kalasi mwanga muli ana ambiri amene matendawa awafooketsa, ndipo zimandipweteka kuwaona akusinza m'mawa dzuwa lisanakwere n'komwe. Ndinangodzifunsa kuti kaya Mesi ameneyu ali dera liti, mwina cha ku Mkhumba uko.

Kenaka a Makumba. Iwo anapeza dziwe lokongola lotchedwa Mahi, limene anthu anawauza kuti siliphwa, ndipo anapempha kuti likumbidwe, likulitsidwe, aikemo nsomba. Tinawombanso m'manja. Ndani amadana ndi ndiwo?

Potsiriza anaimirira Dona Simenti. Iwo anafotokoza za kasupe wotchedwa Madzi, amene mudzi wonse umamwapo, ndipo anati amangidwe ndi simenti kuti anthu azitunga madzi oyera. Asanakhale pansi anatembenukira kwa ine nathokoza aphunzitsi awa, amene anawathandiza kwambiri powauza dzina la malowo ndi kalembedwe kake komwe. Ndinaimirira, ndinakonza jekete, ndinawerama mwaulemu mbali zonse ziwiri.

Ndili mkati mokhala pansi, ndinakumbukira tsikulo. Tinali pa dziwe lathu, Dona analoza ndi pensulo nandifunsa kuti ichi mumachitcha chiyani. Ine ndinayesa kuti akufuna kuphunzira Chinyanja, ndipo monga mphunzitsi wodziwa ntchito yake ndinawatchulira pang'onopang'ono kuti madzi, ndi kuwalembera chilembo chimodzichimodzi m'kabuku kawo.

Tsono inu a kutali amene simudziwa za kuno, imvani. Kwathu kuno timakhala mitundu yosakanikirana. Mlomwe madzi amati mahi. Myao amati mesi. Anthu atatu ophunzira, ochokera m'mayiko atatu, analoza chinthu chimodzi nafunsa anthu atatu, ndipo aliyense anawayankha zoona zokhazokha.

Ndinamvetsera bwino pamene ankayankha mafunso, ndikuyembekeza kuti mwina ndalakwitsa. Mesi anali ndi mkuyu waukulu ndi thanthwe long'ambika pakati. Mahi analinso ndi mkuyu ndi thanthwe long'ambika. Madzi chimodzimodzi. Pamapu awo malowo sankafanana, chifukwa wina anafika kudzera njira ya ku Michesi dziwe litaphwera ndi kubiriwira, wina anatsika kuchokera kuphiri lalikulu dziwe litasefukira, wina anadzera njira ya kumsika. Wapampando, mnyamata wa zanthaka, anati n'zosangalatsa kuti dera laling'ono chotere lili ndi maiwe atatu ofanana chonchi. Wa mitengo anadzuka ndi chimwemwe napempha kuti pachitike kafukufuku wapadera woona chifukwa chimene mikuyu ya ku Phalombe imakondera matanthwe ong'ambika, ndipo anzake anavomera.

Paja amati safunsa anadya phula. Awa anafunsa, koma phula analidya ndithu, ndipo wowapakulira wina ndinali ine.

Mwina mukuseka, koma dziwe limenelo si lamasewera kwa ife. Chaka cha njala chija, mitsinje yonse itauma ndi kusanduka njira za mbuzi, ndi lokhalo limene linapitiriza kutulutsa madzi pansi pa thanthwe. Amayi ankachokera m'midzi yakutali kudzafola pamenepo. Mwana wathu woyamba, Esinati, anali wakhanda nthawi imeneyo, ndipo ndikamamuona lero akuthamanga ndimadziwa kuti ndi dziwe lija linamusunga. Ndimalikonda, ndinene mosabisa. Ndipo msonkhano unagwirizana kuti m'mawa mwake alembe kalata yopita kwa akuluakulu awo, malangizo onse atatu ali momwemo, koma a Mesi akhale oyamba kuchitidwa chifukwa safuna simenti kapena nsomba, angofuna makasu ndi amuna khumi. Amuna khumiwo akanatsata mapu a a Nkhono, ndipo mapuwo akanawafikitsa pamkuyu pathu.

Ndiye munalankhula, aphunzitsi? Ayi, sindinalankhule. Munthu amene wangowerama kumene mbali zonse ziwiri adzuke bwanji ndi kunena kuti pepani, zimene mwandiyamikirazo ndi zopusa? Ndinadziuza kuti nkhani yotere imafuna nthawi yake yoyenera. Ndinamwa tiyi wawo, ndinadya bisiketi, ndipo ndinabwerera kunyumba masana jekete itanyowa ndi thukuta la mitundu iwiri.

Ndinapeza amake Esinati akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Mayi a kunyumba kwanga ndi Mlomwe weniweni, Chinyanja amachilankhula mokoka ngati akuchichitira chifundo. Nditawafotokozera anaseka mpaka mpeni unagwa. Anati mmwenye uja amamukumbukira bwino, ndi iwo amene anamuyankha. Anawapeza akutunga, analoza dziwe nalankhula zake, ndipo iwo poona kuti munthu wamkulu ndithu sakudziwa madzi, anamumvera chisoni namuuza m'chilankhulo cha amayi awo. Za Mesi anati musavutike kufufuza, amenewo ndi Che Amidu, Myao wamalonda a mchere ndi usipa uja, amene amaima pa dziwe kusamba m'manja ndi kumapazi asanaswali. Ati chaka chonse akhala akuseketsa anthu kumsika ndi nkhani ya dokotala wowoloka mayiko amene anachita kufunsa kuti madzi n'chiyani.

Atatha kuseka anatola mpeni wawo nandifunsa kuti nanga inuyo munati chiyani pamsonkhanopo. Ndinayamba kufotokoza za nthawi yoyenera.

"Bambo a Esinati," anatero, "akakwirira paja, jekete yanuyo ndi imene tizikafinya kuti timwe?"

Ndinalonjeza kuti m'mawa ndikanong'oneza wapampando pa nthawi ya tiyi, mwakachetechete, monga amachitira anthu ophunzira. Iwo anangopitiriza kusenda chinangwa chawo.

M'mawa mwake ndinayesadi. Katatu konse ndinamuyandikira wapampando uja. Koyamba ndinamufunsa ngati anagona bwino. Kachiwiri ndinayamikira nsapato zake. Kachitatu ndinatsegula pakamwa, koma Dona Simenti anandimwetulira ali patali, ndipo ndinapempha shuga. Kalata inayamba kulembedwa ine ndili pampando wanga, ndikunola pensulo yomwe inali yakuthwa kale.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ali pakati powerenga ndime ya Mesi, pakhomo pa tenti panada. Anali amake Esinati, mtsuko uli pamutu, kumbuyo kwawo Che Amidu akukankha njinga yawo yonunkha usipa. Sanaodire n'komwe. Anagwada pang'ono mwaulemu, natula mtsukowo pathebulo, pamwamba pa mapepala a anthu ophunzira. Anaviika chala m'madzimo, anayang'ana a Makumba m'maso, nati:

"Mahi."

Che Amidu anaimika njinga, anaviikamo chala nawonso, nayang'ana a Nkhono.

"Mesi."

Kenaka onse awiri anatembenukira kwa ine. Tenti yonse inatembenukira kwa ine. Ndakhala ndikuimirira pamaso pa ana kwa zaka zambiri, ndaimapo pamaso pa oyendera sukulu okwiya, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinadzuka, ndinaviika chala changa mumtsuko wa mkazi wanga, ndipo ndinati, ndi mawu ang'onoang'ono ngati a mwana wa sitandade wani:

"Madzi."

A Makumba anayamba kuwerenga zala zawo, chimodzi, ziwiri, zitatu, kenaka nkuzipinda zonse kutsala chimodzi. Dona Simenti anafiira mpaka m'makutu. Woyamba kuseka anali a Nkhono, ndipo anaseka mpaka kugwira mzati wa tenti, misozi ili mbwee, akubwerezabwereza kuti chaka chathunthu akhala akulemba za matenda a pa Madzi osadziwa. Wa mitengo yekha ndiye sanaseke, chifukwa kafukufuku wake wa mikuyu anafera pomwepo.

Tonse tinatsetsereka kupita ku dziwe, aliyense mapu ake m'manja, ndipo pansi pa mkuyu umodzi womwewo mkangano weniweni unayamba. A Nkhono anauza a Makumba kuti dziwe lawo la nsomba likanakhala khola loweteramo nkhono. A Makumba anabweza kuti bola iwo, chifukwa a dokotala akanachiza likodzo pophetsa anthu ndi ludzu. Dona anayesa kunena za simenti, onse awiri nkuwauza kuti adikire kaye. Kwa masiku awiri anthuwa ankawomberana m'manja osamvana. Tsopano ankakalipirana, koma aliyense akumva bwino lomwe zimene mnzake akunena.

Amake Esinati anakhala pathanthwe nandilamula kuti ndiziwamasulira zonse. Apa ndiye ndinaigwira ntchito imene anandiitanira. Mlendo akatchula mawu aakulu amene sindikanatha kuwaika m'Chinyanja, mayi ankapukusa mutu, ndipo mlendoyo ankayenera kubwereza ndi mawu a anthu. Chodabwitsa n'chakuti akatero, anzake omwe ankati oho, kodi umanena zimenezo? Ndinaona ndi maso anga wa zanthaka akulemba mofulumira zinthu zimene anaziwombera kale m'manja dzulo lake.

Atamva zonse, mayi anandiuza kuti ndifunse a dokotala kuti nkhono zawo anazitola mbali iti. Anati amayi onse amadziwa kuti tinkhonoto timakhala kumunsi, m'mabango, kumene madzi amaima ndi kufunda, komwenso ana amakonda kusambira. Padiso pa kasupe, pansi pa thanthwe pomwe madzi amatuluka ozizira, iwo sanatione n'kale lomwe. A Nkhono anatsegula kabuku kawo, navundukula masamba. Mabotolo awo onse anali a kumunsi. Anavula nsapato, analowa padiso paja nafufuza pansi pa miyala kwa nthawi ndithu, ndipo anatuluka chimanjamanja.

Kalata imene inapita kwa akuluakulu inali imodzi, ya dziwe limodzi, itasainidwa ndi atatu onse. Diso la kasupe limangidwa ndi simenti, ndipo Dona anapuma mpweya wa mtendere. Mabango a kumunsi adulidwa, pakumbidwa ngalande yoti madzi asamaime. Nsomba ziyamba zadikira, kufikira a Makumba ndi a Nkhono atafufuza limodzi ngati ilipo nsomba imene imadya nkhono. Ati azilemberana makalata, wina ali ku India wina ku Uganda. Kaya zitheka, kaya likodzo litha, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti amuna khumi a makasu aja sabweranso.

Tsono tisawaseke kwambiri alendowa, chifukwa nthenda yawo ndi yathu yomwe. Pano pathu pali mlangizi wa zaulimi amene amauza munthu kuti akumbe maenje osunga madzi m'munda. Sabata yotsatira pamabwera wa zaumoyo kumuuza munthu yemweyo kuti akwirire dzenje lililonse chifukwa cha udzudzu. Mwini munda amakumba Lolemba, nakwirira Lachinayi, ndipo amakalipiridwa masiku onse awiri. Alangizi awiriwa amadziwana, amakhala benchi limodzi kutchalitchi, amafunsana za ana ndi za mbuzi, koma zimene zili m'mabuku mwawo sauzana. Aliyense amasunga nzeru zake ngati mankhwala a chitetezo amene amasuluka mnzako akawaona. Ifenso aphunzitsi tili momwemo, ndisadzichotsemo.

Ndipo ife eni mudzi tili ndi kathu kachizolowezi. Mlendo akafunsa funso lopusa timamuyankha ndendende zimene wafunsa, mwaulemu wonse, ndipo akangotembenuka timayamba kuseka. Che Amidu anaseka chaka chathunthu kumsika. Likanakhala tsiku limodzi lokha lomufunsa dokotala uja kuti kodi achimwene, mukufuna kudziwa chiyani kwenikweni, bwenzi zonsezi kulibe. Ulemu wathu uja nthawi zina ndi ulesi wovala bwino.

Koma chimene ndachitenga pamsonkhanowu ndi ichi. Poyamba ndinkaona ngati kusonkhanitsa ana okhaokha, opanda wamkulu, ndi kutaya tiyi. Tsopano ndasintha maganizo. Wachinyamata alibe mbiri yaikulu yoti aiteteze, ndiye akalakwa amatha kugwira mzati wa tenti ndi kudziseka. Akanakhala akuluakulu awo pathebulo paja, amene mayina awo ali kale pazikuto za mabuku, ndikukuuzani kuti maiwe akanakhalabe atatu mpaka lero, ndipo wina akanatumidwa kukafunafuna awiri osowawo. Anthu ophunzira zosiyana akumane akadali aang'ono, khosi lisanaume, ndipo akakumana pakhale wina wonga amake Esinati wowakakamiza kulankhula zomveka.

Asanapasule matenti, Dona Simenti anabwera ndi kabuku kawo kuti tsopano alembe dzina lenileni la malowo. Anafunsa bwino ulendo uno, kuti anthu akamapita kumeneko amati akupita kuti. Mayi anayankha kuti Pamiseche, poti ndi pomwe amayi amakumana m'mawa uliwonse ndi kuuzana zonse za m'mudzi, za matenda, za minda, za amuna. Dona anandifunsa tanthauzo lake. Ndinaganiza pang'ono, ndipo ndinawauza kuti ndi malo a msonkhano wa akatswiri. Ndikhulupirira kuti m'sabata yonseyo palibe pomwe ndinamasulira molondola kuposa pamenepo.

Ndinawalembera kalembedwe kake. Iwo anathokoza, kenaka anatenga kabukuko kukafunsanso kwa amake Esinati ndi kwa Che Amidu ngati ndi momwemo. Sindinakhumudwe. Chabwino, ndinakhumudwa pang'ono.

Lero m'mawa ndamwa madzi a Pamiseche, ozizira ngati kale, ndipo jekete ija ndaipachika kuseri kwa chitseko. Nanga kwanuko, awerengi, ndi maiwe angati amene ali m'mabuku a anthu atatu chonsecho ndi limodzi lomwelo? Ndipo pamene kalata ikulembedwa, ndani mwa inu akudziwa zoona koma wakhala phee m'jekete, akupempha shuga?